Kodi Analemba Mthenga Wabwino wa Yohane Ndani?

Inu akatekisti a ku Chigaru, mwana akakufunsani funso limeneli musachite mantha, pakuti nlakalekale. Cha m'ma 180, Irenaeus Woyera, episkopi wa ku Lyon, analemba kuti mwini wake ndi Yohane, wophunzira wa Ambuye, amene anaulemba ali ku Efeso. Komabe Papias anali atatchulapo kale Yohane wina wotchedwa Mkulu. Ndiponso pa mutu 21, ndime 24, pakumveka mau a anthu ambiri omuchitira umboni mlembiyo. Nchifukwa chake akatswiri ambiri amati ophunzira ake ndiwo anautsiriza. Mu 1965 Msonkhano Wachiwiri wa Vatikano unaphunzitsa kuti Mithenga inayi inachokera kwa Apostoli ndi anzao, mouziridwa ndi Mzimu Woyera. Dzanja lingakhale la yani, abale anga, umboniwo ngwa Apostoli.