Khofi wa bowa pa nthawi ya kusala kudya

Khofi wa bowa ndi cakumwa cimene cachuka m'maiko a ku America ndi ku Ulaya, makamaka pakati pa anthu amene amasala kudya kwa maola oikika pofuna kucepetsa thupi. Ambiri mwa anthu otere amafuna kudziwa ngati kumwa khofiyu pa maola a kusala kumaononga kusalako. Yankho lagona pa zinthu ziwiri: zimene zasakanizidwa m'khofimo, ndi colinga cimene munthuyo akusalira kudya.

Kodi khofi wa bowa n'ciani?

Khofi ameneyu ndi khofi wamba amene amusakaniza ndi ufa wa mitundu ina ya bowa. Bowayo amamuumitsa, kumuviika m'madzi otentha kapena m'mowa wa kufakitale kuti zofunika zake zisungunuke, ndipo kenaka amaumitsanso madziwo kufikira patatsala ufa. Pomwa, khofiyu amamveka ngati khofi wina aliyense, kungoti amakhala ndi kafungo ka dothi pang'ono.

Mitundu ya bowa imene imapezeka kawirikawiri m'khofiyu ndi inayi. Woyamba ndi lion's mane, amene akatswiri a sayansi amamucha Hericium erinaceus. Bowayu ndi woyera, wa tinthu tolendewera ngati ndevu, ndipo amamera pa mitengo ya ku Asia, ku Ulaya ndi kumpoto kwa America. Waciwiri ndi chaga, wooneka ngati khala lakuda, amene amamera pa makungwa a mtengo wa birch m'maiko ozizira monga Russia, Finland ndi Canada. Wacitatu ndi reishi, amene ku China amamucha lingzhi, wolimba ngati thabwa ndiponso wowawa. Wacinayi ndi cordyceps. Mtundu wake wa m'chire umamera pa mbozi za m'nthaka ku mapiri a ku Tibet, koma wopezeka m'khofi ndi wocita kulimidwa.

Popeza gawo lina la ufawo ndi bowa, mitundu yambiri ya khofiyu ili ndi caffeine wocepa, pafupifupi theka la amene ali m'khofi wamba. Kapu imodzi ya khofi wamba imakhala ndi caffeine wokwana mamiligalamu pafupifupi 95.

Kumene anacokera

Asing'anga a ku China akhala akugwiritsa nchito reishi ndi cordyceps kwa zaka mazana ambiri, ndipo anthu a ku Siberia akhala akumwa chaga ngati tiyi. Pa nthawi ya nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, khofi atasowa m'dziko la Finland, anthu ena kumeneko anayamba kuphika chaga kuti alowe m'malo mwa khofi.

Malonda a masiku ano anakula pambuyo pa caka ca 2012, pamene anyamata a ku Finland, mmodzi wa iwo Tero Isokauppila, anayambitsa kampani ya Four Sigmatic, imene pambuyo pake inakhazikika ku United States. Makampani ena ambiri anatsatira, ndipo malonda ambiri a khofiyu amacitika pa intaneti. Mtengo wake umaposa wa khofi wamba.

Kusala kudya kwa maola oikika

Kusala kumeneku, kumene m'Cingelezi amati intermittent fasting, sikuuza munthu cakudya coti adye koma nthawi yodyera. Njira yofala kwambiri ndi ya 16:8. Munthu amakhala maola 16 osadya, ndipo cakudya conse ca tsikulo amadya mkati mwa maola 8, mwacitsanzo kuyambira 10 koloko m'mawa kufikira 18 koloko madzulo.

Njira ina ndi ya 5:2. Munthu amadya mwa masiku onse kwa masiku asanu pa mlungu, ndipo pa masiku awiri otsalawo amadya pang'ono cabe, makalori 500 kwa akazi ndi 600 kwa amuna. Njirayi inachuka m'caka ca 2012 kupyolera m'pulogalamu ya wailesi ya kanema ya BBC imene anakonza Michael Mosley, amene anamwalira m'caka ca 2024. Palinso ena amene amasala tsiku limodzi, n'kudya tsiku lotsatira.

Zimene zimacitika m'thupi

Munthu akadya nsima, buledi kapena mpunga, cakudyaco cimasanduka shuga amene amalowa m'magazi. Pamenepo thupi limatulutsa insulin, amene amatsegulira shugayo njira yolowera m'minofu. Shuga wotsala amasungidwa m'ciwindi ngati cimanga m'nkhokwe, ndipo wina amasanduka mafuta.

Munthu akaleka kudya, insulin amatsika ndipo thupi limayamba kutapa m'nkhokwe ya m'ciwindi ija. Pakapita maola pafupifupi 12 kapena kuposerapo, nkhokweyo imacepa, ndipo thupi limatembenukira ku mafuta amene linasunga. Ici ndico cifukwa cake osala kudya amapewa ciliconse cokhala ndi shuga kapena mkaka pa maola a kusala, pakuti zinthuzi zimakwezanso insulin.

Ena amasala pofuna cimene akatswiri amacha autophagy, ndiko kuti kudziyeretsa kwa maselo pogaya tizigawo tawo totha nchito. Katswiri wa ku Japan, Yoshinori Ohsumi, analandira mphoto ya Nobel m'caka ca 2016 cifukwa cofotokoza m'mene zimenezi zimacitikira. Kafukufuku wake anamucita pa yisiti, ndipo wina wambiri wotsatira anacitika pa nyama monga mbewa za m'malo ofufuzira.

Kodi khofiyu amaononga kusala?

Khofi wakuda wopanda shuga ndi mkaka ali ndi makalori pafupifupi 2 pa kapu imodzi. N'cifukwa cake njira zambiri za kusala kumeneku zimalola madzi, tiyi wopanda kanthu ndi khofi wakuda. Khofi wa bowa amene muli khofi ndi ufa wa bowa cabe amaonjezera makalori owerengeka, motero kwa munthu amene colinga cake ndi kucepetsa thupi, kapu imodzi siisokoneza kanthu.

Bvuto limabwera ndi zoonjezera. Mapaketi ena amakhala ndi shuga, mkaka wa ufa, ufa wa kokonati, koko kapena mafuta ochedwa MCT. Supuni yaing'ono ya shuga ili ndi makalori pafupifupi 16, pamene supuni yaikulu ya mafuta ili ndi pafupifupi 120. Khofi wotere ndi cakudya ndithu, ndipo malo ake ndi pa maola a kudya.

Palinso nkhani ya ufa wa bowawo. Makampani ena sagwiritsa nchito bowa weniweni wophuka, koma ulusi wake umene amaumeretsa pa mpunga kapena pa mbewu zina, ndipo pogaya amagayira kumodzi ndi mbewuzo. Ufa wotere umakhala ndi sitachi wambiri. Cotero wogula ayenera kuwerenga mndandanda wa zosakaniza umene uli pa paketi, ndi kuona ciwerengero ca makalori ndi ca shuga, m'malo mokhulupirira mau akuluakulu a kutsogolo kwa paketiyo.

Kwa amene afuna kusala kotheratu, copanda cikaiko ndi madzi okha.

Kusala kwina kuli ndi malamulo ake

Zimene zanenedwa pamwambapa sizikhudza kusala kwa mtundu uliwonse. Munthu amene wauzidwa ku cipatala kuti abwere asanadye kanthu kuti akapimidwe shuga wa m'magazi ayenera kukhala maola osacepera 8 akumwa madzi okha, wopanda khofi wa mtundu uliwonse. Amene akukacitidwa opaleshoni atsatire ndendende nthawi imene adokotala amupatsa, ndipo awauze za mankhwala a zitsamba ndi a bowa onse amene amamwa.

Kusala kwa cipembedzo nako kuli ndi mwambo wake. M'mwezi wa Ramadan, Asilamu sadya kapena kumwa ciliconse, ngakhale madzi, kuyambira m'bandakuca kufikira kulowa kwa dzuwa. Akhristu amatsatira dongosolo la mipingo yawo.

Zimene kafukufuku wapeza

Ogulitsa khofi wa bowa amanena kuti amanola ubongo, amalimbitsa citetezo ca m'thupi ndiponso amapatsa mphamvu. Kafukufuku wambiri wa bowa ameneyu anacitika pa maselo ndi pa nyama, ndipo wocitika pa anthu ndi wa magulu aang'ono.

Wodziwika kwambiri ndi wa ku Japan wa m'caka ca 2009. Anthu 30 a zaka 50 kufikira 80, amene anali atayamba kuiwalaiwala, anagawidwa m'magulu awiri. Gulu limodzi linamwa mapilisi a lion's mane okwana magalamu 3 pa tsiku kwa milungu 16, ndipo linakhoza bwino mayeso a kuganiza kuposa gulu linzake. Koma patapita milungu inayi atasiya mapilisiwo, phindulo linayamba kuzimirira. Bowa amene ali m'kapu imodzi ya khofi kawirikawiri safika pa mlingo umenewo.

M'caka ca 2015, bungwe la Cochrane linasanthula kafukufuku wa reishi pa anthu odwala matenda a shuga a mtundu waciwiri, ndipo silinapeze umboni wakuti bowayu amatsitsa shuga, mafuta a m'magazi kapena kuthamanga kwa magazi.

Pa nkhani ya kusala, kafukufuku wa ku Guangzhou m'dziko la China, amene anafalitsidwa m'caka ca 2022 m'magazini ya New England Journal of Medicine, anatsatira anthu 139 onenepa kwambiri kwa caka cathunthu. Onse anacepetsa cakudya mofanana, koma theka la iwo linkadya pakati pa 8 koloko m'mawa ndi 16 koloko cabe. Osalawo anatsika ndi makilogalamu pafupifupi 8, ndipo enawo pafupifupi 6, kusiyana kumene ofufuzawo anati n'kocepa kwambiri moti sikungasonyeze kuti njira imodzi yaposa inzake. Phunziro lake ndi lakuti cimene cimacepetsa thupi kwenikweni ndi kuculuka kwa cakudya ca tsiku lonse. Kusala kumathandiza ena kudya mocepa, koma amene amabwezera zonse pa cakudya ca madzulo sapindula kanthu.

Ngozi zake

Chaga ali ndi mcere wambiri wochedwa oxalate, umene umapanga timiyala m'impso. M'caka ca 2014, madokotala a ku Japan analemba za mai wa zaka 72 amene impso zake zinaonongeka atamwa ufa wa chaga masupuni aang'ono anayi kapena asanu tsiku lililonse kwa miyezi 6. Munthu wosala kudya amene samwa madzi okwanira, makamaka m'nyengo yotentha, amaonjezera ngozi ya timiyalati.

Reishi angacedwetse kuundana kwa magazi, motero ndi woopsa kwa amene amamwa mankhwala monga warfarin ndi aspirin. Madokotala analembanso za anthu owerengeka amene ciwindi cawo cinavulala atamwa ufa wa bowayu.

Caffeine naye amagwira msanga m'mimba mopanda kanthu. Ena amamva cilungulira, nseru, kunjenjemera kapena kugunda kwa mtima. Bungwe loona za zakudya ndi mankhwala ku United States, la FDA, limati munthu wamkulu wathanzi asapitirire mamiligalamu 400 pa tsiku, ndipo madokotala a ku Britain ndi ku United States amalangiza amai apakati kusapitirira 200. Khofi womwedwa madzulo amathawitsa tulo.

M'dziko la United States, kumene kumacokera makampani ambiri a khofiyu, lamulo la m'caka ca 1994 limalola zoonjezera pa cakudya kugulitsidwa popanda kuyamba zapimidwa ngati mankhwala. Cotero kupezeka kwa cinthu pa msika sikutanthauza kuti zonena za ogulitsa zatsimikiziridwa.

Oyenera kusamala

Odwala matenda a shuga amene amabaya insulin kapena kumwa mapilisi monga glibenclamide ali pa ngozi yaikulu akasala kudya, pakuti shuga angatsike kwambiri. Zizindikiro zake ndi thukuta, kunjenjemera, cizungulire ndi kusokonezeka maganizo, ndipo munthu angakomoke. Zikayamba, adye kapena amwe cinthu ca shuga nthawi yomweyo, osadikira kuti maola a kusala athe.

Amai apakati ndi oyamwitsa, ana, anthu oonda kwambiri ndi amene akucira ku matenda aakulu sayenera kutsatira kusala kumeneku. Odwala impso, ciwindi kapena zilonda za m'mimba apewe khofi wa bowa kufikira atafunsa ku cipatala. Amene ali pa mankhwala a tsiku ndi tsiku, monga ma ARV, a TB kapena a BP, asasinthe nthawi yomwera mankhwala kapena kusiya mankhwalawo cifukwa ca kusala, ndipo akambirane ndi a zaumoyo asanayambe. Khofi wa bowa salowa m'malo mwa mankhwala a matenda alionse.

Bowa wa m'Zambia ndi wina

Dziko la Zambia lili ndi bowa wambiri wa m'nkhalango za miombo, monga tente, ndi uja wamkulu womera pa zulu amene Abemba amamucha icikolowa. Akatswiri David Pegler ndi Graham Piearce anamulemba m'mabuku a sayansi m'caka ca 1980 ndi dzina lakuti Termitomyces titanicus, ndipo amadziwika kuti ndiye bowa wodyedwa wamkulu koposa pa dziko lonse. Bowa ameneyu ndi ndiwo zabwino, koma si amene amathiridwa m'khofi.

Munthu asatole bowa womera pa zitsa kapena pa mitengo, n'kumuumitsa ndi kumusinja kuti apange khofi wakewake poona kuti akufanana ndi wa pa cithunzi. Mitundu ina ya bowa ili ndi poizoni woononga ciwindi, ndipo poizoniyo satha ngakhale bowayo ataumitsidwa kapena kuwiritsidwa. Aliyense amene wayamba kusanza kapena kutsegula m'mimba atadya bowa apite naye ku cipatala msanga, pamodzi ndi bowa wotsalayo.