Magetsi pa msana: mbiri ya kachipangizo koletsa ululu

Cha m'ma 47 AD, sing'anga wa ku Rome dzina lake Scribonius Largus analemba kuti wodwala nyamakazi ya m'mapazi aimirire pamchenga wonyowa m'mbali mwa nyanja, aponde nsomba yamoyo yotchedwa torpedo mpaka dzanzi lifike m'bondo. Nsombayi imamenya ndi magetsi ngati nyesi ya mu Shire. Ululu unkachepadi, koma chifukwa chake panalibe wochidziwa.

Yankho linabwera mu 1965, pamene Ronald Melzack wa ku Canada ndi Patrick Wall wa ku Britain anasindikiza maganizo awo m'magazini ya Science. Iwo anati uthenga wa ululu suthamangira kuubongo mwachindunji. Umadutsa kaye pachipata chomwe chili mumtsempha waukulu wa m'msana. Mitsempha ikuluikulu yomva kukhudza ikatanganidwa, chipatacho chimatsekeka ndipo ululu umadutsa wochepa. N'chifukwa chake mwana akagunda chigongono pakhomo, mayi amathamangira kumusisita pamalopo, kulira n'kuchepa.

Amene anaitenga nkhaniyi mwachangu anali Norman Shealy, dokotala wa opaleshoni ya ubongo ndi mitsempha ku Cleveland, m'dziko la America. Anaganiza zotseka chipatacho ndi magetsi. Wophunzira za uinjiniya, Thomas Mortimer, ndiye anamupangira kachipangizo, ndipo atayesera pa amphaka, mu 1967 anakaika mwa munthu. Wodwalayo anali bambo wa zaka 70, amene khansa ya m'mapapo inali itamutha, ululu uli pachifuwa usana ndi usiku. Anamutsegula msana n'kusokerera kachitsulo kopyapyala pafupi ndi mtsemphawo. Atayatsa magetsi, bamboyo anamva kunyerenyetsa pamalo pomwe pankabaya. Magetsiwo anamuthandiza kwa tsiku limodzi ndi theka lokha, ndipo posakhalitsa anamwalira ndi matenda ena a mumtima. Maola ochepawo ine sindiwapeputsa: munthu amene wagonera ululu kwa miyezi amadziwa mtengo wa usiku umodzi wa tulo.

Mu 1968 kampani ya Medtronic inayamba kugulitsa zipangizozi. Zoyambazo zinali ndi bokosi lonyamula kunja kwa thupi, ndipo opaleshoni yake inali yaikulu. M'zaka za m'ma 1970 madokotala anaphunzira kulowetsa waya kudzera m'singano, osang'amba kansalu kokuta mtsempha. Kenaka batire linalowa pansi pa khungu, nthawi zambiri chakumtunda kwa thako, ndipo cha m'ma 2004 kunabwera lotchaja. Mu 2015 bungwe la FDA ku America linavomereza chipangizo cha kampani ya Nevro chomenya ka 10,000 pa sekondi, chomwe wodwala sachimva n'komwe chikamagwira ntchito.

Masiku ano wodwala amayamba wayesera kwa sabata imodzi kapena kucheperapo, waya ali m'msana, batire lili panja. Ululu ukatsika ndi theka, ndiye amamuikira chokhalitsa. Ambiri ndi omwe anachitidwa opaleshoni ya msana koma mwendo ukupwetekabe, kapena omwe matenda a shuga anawaonongera mitsempha ya m'mapazi. Mavuto sasowa: waya amasuntha, nthawi zina amaduka, bala limatha kutukusira, ndipo ena amabwerera kukachotsetsa.

Chondipweteka mtima m'mbiriyi n'chakuti malonda anathamanga, umboni n'kutsalira m'mbuyo. Kwa zaka zambiri kunali kovuta kuyesa chipangizochi mwachilungamo, poti wodwala ankadziwa kuti chayaka akamva kunyerenyetsa. Zipangizo zosamveka zitabwera, mpata unapezeka. Mu 2022 madokotala a pachipatala cha St Olavs ku Trondheim, m'dziko la Norway, anatsatira odwala 50, akumayatsa ndi kuzimitsa magetsiwo eni ake osadziwa. Kusiyana kwenikweni sikunaoneke. Mu 2023 bungwe la Cochrane linasanthula kafukufuku 13 wa anthu 699 odwala msana, ndipo silinapeze phindu lokhalitsa loposa mtengo ndi ngozi zake. Madokotala oika zipangizozi anatsutsa, ati kayesedweko kanali ndi zofooka ndipo odwala ena amathandizikadi. Mwina akunena zoona kwa odwala ena. Koma munthu wothedwa nzeru ndi ululu amavomera chilichonse, tsono amene wagwira singano ndiye ayenera kumuuza zonsezi asanamugoneke pabedi la opaleshoni.