Za Mabwalo Atatu: Mpingo, Chipatala ndi Boma

Mwezi uno pa malo a ulaliki taikapo mbiri. Chifukwa chake ndi ichi: pamene aphunzitsi anasonkhana kuno ku Nsipe, mmodzi anaimirira nafunsa chimene ayenera kuyankha ana a sukulu pa nkhani ya amuna ogona ndi amuna anzao, ndi akazi ogona ndi akazi anzao. Pakuti, anatero iye, ku tchalitchi ana akumva kuti ndi tchimo, pa wailesi akumva kuti ndi ufulu, ku chipatala akumva kuti si nthenda, ndipo apolisi ati ndi mlandu wa zaka 14. Ena anaseka, ena anaweramitsa mitu, ndipo munthuyo anakhala pansi wosayankhidwa. Nkhaniyi ndi yolemera pakamwa, ndipo ife tomwe tinaleredwa osaitchula. Koma mutu ukakula sulewa nkhonya.

Tiyambe ndi mseu umene tonse tiudziwa. Munthu wochoka ku Nsipe kulowera kumpoto, akapitirira pa boma la Ntcheu ndi pa Biriwiri, afika pamene mseu waukulu usanduka malire a maiko awiri. Pa msika wa Lizulu wogulitsa mbatata angathe kukhala ku Malawi ndipo wogula ali chiimire ku Mozambique. Anthu a mbali zonse ziwiri ndi Angoni amodzimodzi, akwatirana, aikana maliro, awerenga Baibulo limodzi. Koma chinthu chimene kum'mawa kwa mseu chimangitsa munthu zaka 14, kumadzulo kwake sichilinso mlandu chiyambire Juni 2015, pamene dziko la Mozambique linasiya buku la malamulo limene Apwitikizi analisiyira. Tsono ngati mwambo uli umodzi, kusiyanaku kunachokera kuti?

Kunachokera kutali. M'chaka cha 1533 mfumu Henry VIII ya ku England inachotsa mlandu umenewu m'mabwalo a Eklesia niuika m'manja mwa boma, ndipo chilango chake chinali imfa. Pamene Angelezi anayamba kulamulira mitundu ina anayenda nalo lamuloli. Analilemba m'malamulo a ku India mu 1860, ndi m'malamulo a Queensland ku Australia mu 1899, ndipo buku la ku Queensland lija ndilo linasanduka chitsanzo cha maiko ambiri a mu Afrika. Ku Nyasaland linakhazikitsidwa mu 1929, niliyamba kugwira ntchito pa 1 Epulo 1930. Ndime 153 imene tili nayo lero ndi mwana wa buku limenelo. Palibe inkosi, nduna kapena nyakwawa imene inafunsidwa, pakuti nthawi imeneyo m'bwalo lopanga malamulo ku Zomba munalibe munthu wakuda ndi mmodzi yemwe.

Sitinena kuti makolo athu anali ofatsa pa nkhani za m'nyumba, iai. Pakati pa Angoni chigololo nthawi zina chinali mlandu wa imfa. Koma milandu yambiri inatha pabwalo ndi mbuzi kapena nkhuku, ndipo nyumba yotsekeramo munthu zaka zambiri inadza ndi Boma. Amene anena kuti mkhalidwewu unabwera ndi Azungu akumbukire kuti zinthu ziwiri zimene mbiri itsimikiza kuti anabwera nazo ndizo lamulo ili ndi komboni. M'makomboni a migodi ku Joni, kumene pambuyo pake agogo athu ambiri anapita ndi Wenela, amuna zikwi zambiri anatsekeredwa popanda akazi ao, ndipo akuluakulu ena anatenga anyamata nawasunga monga akazi. Amishoni olalikira kumeneko anadandaula, kotero kuti mu 1907 boma la Transvaal linatuma Leary ndi Taberer kukafufuza. Makomboniwo sanapasulidwe, pakuti golidi anali wokoma.

Palinso mbiri ina imene Akristu a mu Afrika aikumbukira ndi misozi. Pa 3 Juni 1886, ku Namugongo m'dziko la Uganda, Charles Lwanga ndi anzake, Akatolika ndi Aanglikani pamodzi, anatenthedwa ndi moto pa lamulo la mfumu Mwanga. Ndipo chimodzi cha zifukwa chinali chakuti anyamata a kunyumba ya mfumu anakana chilakolako chake. Nkoyenera kuwalemekeza. Koma taonani bwino chimene chinachitika kumeneko ndi ku migodi kuja: wamphamvu analikukakamiza wofooka. Umenewo ndi mlandu m'dziko lililonse, kaya wokakamizidwayo ndi mnyamata kaya ndi mtsikana, ndipo mphunzitsi akamva kuti mwana wagwiridwa chotero asazengereze kukanena. Ndime 153 siilekanitsa zimenezi. Igwira wokakamiza, igwiranso akulu awiri amene anabvomerezana.

Tsopano tinene za adotolo, pakuti ena aganiza kuti sayansi inakhala bwenzi la anthu amenewa chiyambire kale. Si choncho. M'chaka chomwecho cha moto wa ku Namugongo, dotolo Richard von Krafft-Ebing anasindikiza ku Ulaya buku lowerengera mkhalidwewu pakati pa nthenda za maganizo, ndipo kwa zaka zambiri adotolo anayesa kuuchiza ndi magetsi ndi mankhwala osanzitsa. Alan Turing, katswiri wa masamu amene anathandiza England kumasulira mauthenga obisika a Ajeremani pa nkhondo yachiwiri, anaweruzidwa mu 1952 napatsidwa mankhwala osintha thupi m'malo mwa ndende. Mu 1954 anapezeka atafa. Chimene chinatembenuza adotolo ndicho kuyesa. Mu 1957 mai Evelyn Hooker wa ku America anaonetsa zotsatira za mayeso a maganizo a amuna 60, theka la iwo a mkhalidwewu, ndipo akatswiri amene anaziwerenga osadziwa maina analephera kulekanitsa magulu awiriwo. Bungwe la adotolo a maganizo ku America linauchotsa pa mndandanda wa nthenda mu 1973, ndipo bungwe la zaumoyo la dziko lonse, WHO, linatero pa 17 Meyi 1990. Mu 2019 anzeru anapima chibadwa cha anthu pafupifupi 500,000, napeza kuti palibe kambeu kamodzi m'thupi kamene kalamula chimenechi, ngakhale chibadwa chili ndi gawo lake.

Apa ndi pamene sayansi ilekezera. Ingathe kunena kuti munthu uyu sadwala, ndi kuti mankhwala samsintha. Siingathe kunena chimene chili chokoma kapena choipa pamaso pa Mulungu, pakuti muyeso wake sufika kumeneko. Mbusa amene atsutsa dotolo pa za nthenda adzichititsa manyazi, ndipo dotolo amene alamula Mpingo chimene uphunzitse walowa m'munda wa mwini.

Mabwalo atatuwa anakomana poyera m'dziko lathu kumapeto kwa Disembala 2009, pamene Steven Monjeza ndi Tiwonge Chimbalanga anachita chinkhoswe ku Blantyre. Tiwonge anabadwa mwamuna koma anadziyesa mkazi nabvala monga mkazi. Anamangidwa, anakanizidwa belo, ndipo anatengedwa ku chipatala kuti adotolo anene za matupi ao ndi za mitu yao, khamu la anthu lilikuseka panjira. Ife a kuno kupima kotere kutikumbutsa kanthu. M'masiku a Inkosi Chikuse mwabvi unatha anthu ambiri m'mapiri ano, pofuna kuti thupi la munthu liulule mlandu wake. Ndipo amishoni oyamba, pamodzi ndi adotolo ao, analimbana nao kufikira Boma linauletsa mu 1911. Mu 2017 bungwe la adotolo la dziko lonse, World Medical Association, linatsutsa kupima munthu kumalo obisika mokakamiza pofuna umboni wa mlanduwu, ponena kuti kupimako sikutsimikiza kanthu.

Pa 20 Meyi 2010 woweruza Nyakwawa Usiwa-Usiwa anawapatsa zaka 14 za ntchito yakalavulagaga, chilango chonse chimene lamulo lilola. Pa 29 Meyi, atakomana ndi mlembi wamkulu wa United Nations, Ban Ki-moon, Pulezidenti Bingu wa Mutharika anawakhululukira, koma ananenetsa kuti sabvomereza chimene anachita. Anthu ambiri anapsa mtima poona kuti alendo opereka ndalama alikulamula pakhomo pa eni, ndipo mkwiyo umenewo tiumvetsa. Koma chotsatira chake chinali chodabwitsa: mu Disembala 2010 Nyumba ya Malamulo inaonjeza ndime 137A, yomanga akazi zaka 5, chinthu chimene ngakhale Atsamunda sanalembe. Pambuyo pake Pulezidenti Joyce Banda mu 2012 analankhula za kufafaniza malamulowa koma sizinachitike, ndipo mu Disembala 2015 nduna ya zachilungamo Samuel Tembenu inalengeza kuti boma laimitsa kumanga anthu pa mlanduwu. Lamulo lenilenilo linakhalabe m'buku.

Pali mtengo wina wa lamuloli umene sulipidwa kukhoti. Mu 2008 bungwe la CEDEP ndi anzeru a ku Johns Hopkins anayeza magazi a amuna pafupifupi 200 ogona ndi amuna anzao m'Malawi, napeza kachilombo ka HIV mwa 21 pa 100 alionse, pamene mwa akulu onse a dziko lino kanali mwa 12 kapena kucheperapo. Ambiri a iwo analinso ndi akazi. Munthu woopa ndende sanena zoona kwa dotolo, ndipo nthenda imene abisa ikafika kwa mkazi wosalakwa, mwina yemwe uja aimba m'kwaya yathu. Ndicho chifukwa chake Boma lomwelo limene liwatcha opalamula liwawerenga m'ndondomeko yake yolimbana ndi Edzi monga anthu oyenera kufikiridwa msanga. Dzanja limodzi lipereka mankhwala, lina ligwira unyolo.

Nanga Mpingo? Chiphunzitso chimene tinalandira, ndipo tiphunzitsabe, ndi chakuti ukwati uli wa mwamuna ndi mkazi. Tiwerenga Genesis 2, Levitiko 18 ndi Aroma 1 monga anawerengera atate athu. Sitinalembe mbiri iyi kuti tisinthe zimenezo. Koma tifunse m'mene tichitira ndi machimo ena. Mkristu akatenga mitala timuimitsa pa Mgonero, koma sitinapemphe kuti wamitala amangidwe, ndipo ukwati wa mwambo ulola mitala kufikira lero. Wachigololo timuitana pa bwalo la akulu a Mpingo, timlanga, timlandiranso akalapa. M'malamulo a dziko lino chigololo sichitengera munthu kundende. Mtumwi Paulo, polemba kwa Akorinto za munthu wa dama, analamula kuti achotsedwe mu msonkhano wao. Sanamtumize kwa kazembe wa Aroma, ndipo anakana kuweruza akunja. Za mkazi uja wa pa Yohane 8 simusowa kukumbutsidwa. Pa tchimo limodzi ili lokha ndi pamene tabwereka ndende ya Kaisara.

Ku England komwe lamuloli linabadwira, ena mwa oyamba kufunsa funso limeneli anali atsogoleri a Mpingo. Mu 1954 bungwe la za makhalidwe la Church of England linapempha kuti lamulo liunikidwenso, osati chifukwa linaleka kutcha tchimo tchimo, koma polekanitsa tchimo ndi mlandu. Lipoti la Wolfenden linatsata mu 1957, ndipo mu 1967 lamulo linasinthidwa. Pa 5 Febuluwale 2023, pobwera ku South Sudan m'ndege imodzi, Papa Francis, Arkibishopu Justin Welby wa ku Canterbury ndi Iain Greenshields, mtsogoleri wa Church of Scotland, onse atatu anatsutsa malamulo omanga anthu amenewa. Mipingo itatuyi ndiyo inabala mishoni zambiri za m'dziko lino. Mwana akakula sakakamizidwa kutsata mai ake m'zonse, ndipo m'zina ife sitiwatsata. Koma sitinganene kuti mau amenewa ndi a anthu osapemphera.

Patapita miyezi isanu, pa 13 Julayi 2023, Akristu ndi Asilamu zikwi zambiri anayenda m'miseu ya Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi m'maboma ena kukana ukwati wa amuna okhaokha kapena akazi okhaokha. Anayenda ndi mtima woona, ndipo ena a inu munali pomwepo. Koma ambiri sanauzidwe kuti mlandu umene unali kukhoti nthawi imeneyo sunali wopempha ukwati. Lamulo la maukwati la 2015 linanena kale kuti ukwati uli wa mwamuna ndi mkazi. Funso linali lakuti kaya ndime zomanga anthu zigwirizana ndi malamulo aakulu a dziko. Analibweretsa Jana Gonani, amene khoti la ku Mangochi linampatsa zaka 8 mu 2021, pamodzi ndi munthu wina wa ku Netherlands amene analikuimbidwa milandu yochita zonyansa ndi achinyamata a pansi pa ulamuliro wake. Ndipo apanso nkhani ya kukakamiza ndi nkhani ya kubvomerezana zinamangidwa m'mtolo umodzi, anthu nasokonezeka.

Pa 28 Juni 2024 oweruza atatu anakana pempholo. Anati ndimezo zikhale, ndipo ngati zifunika kusinthidwa, ntchitoyo ndi ya Nyumba ya Malamulo. Chotero nkhani yachoka m'manja mwa oweruza niilowa m'manja mwa aphungu, ndipo ambiri a aphunguwo Lamulungu akhala pa mabenchi a kutsogolo m'matchalitchi athu, kumvetsera chimene tidzanena.