Msewu wa Tete usanakhale wa geni unali wa mfuti



Tikamatuluka pa Mwanza kulowa Zobue, kuwoloka Zambezi pa Tete mpaka kukafika Nyamapanda, madandaulo athu amakhala mzere wa pa boda, marodibuloko osatha ndi dzuwa la ku Tete lija lowotcha ngati ng'anjo. Ndi madandaulo enieni, sitikukana. Koma ambiri mwa ife tinali ana, ena musanabadwe n'komwe, pamene dalaivala ankati akapatsidwa ulendo wa msewu umenewu amatsanzika banja ngati sabwerako. Tikumbutsane mbiri imeneyo, chifukwa imaonetsa poyera kusiyana kwa moyo wa m'dziko la bata ndi wa m'dziko la nkhondo.

Amene mumayenda pa M1 pakati pa Ntcheu ndi Dedza mukudziwa kuti pa Lizulu msewu ndiwo malire. Tsidya lino Malawi, tsidya ilo Angonia. Angoni ndi Achewa ake ndi omwewo, chilankhulo chimodzi, maliro amalira limodzi, mbatata ndi kabichi zimachokera m'dothi limodzi. Koma m'zaka za m'ma 1980, kungodumpha phula limenelo kunali kuchoka m'moyo wina kulowa m'moyo wina.

Mozambique inalandira ufulu kuchokera kwa Apwitikizi pa 25 June 1975, Frelimo ndi Samora Machel n'kutenga boma. Sipanapite nthawi, mu 1977, nkhondo ya pachiweniweni inabuka. Gulu la Renamo linayamba ndi thandizo la boma la azungu la ku Rhodesia, ndipo Zimbabwe italandira ufulu mu 1980, boma la tsankho la ku South Africa ndilo linatenga udindo woligulira zida. Nkhondoyo inatha mu 1992 itapha anthu pafupifupi 1 miliyoni, ena ndi zipolopolo, ambiri ndi njala ndi matenda, ndipo mamiliyoni ena anathawa m'midzi yawo.

Kwa ife a malonda, choyamba kufunsa ndi chakuti msika unali bwanji. Kumidzi ya ku Tete, Zambezia ndi Niassa msika unafa. Masitolo ambiri a kumidzi anali atatsekedwa kale eni ake Apwitikizi atachoka, ndipo otsalawo anawotchedwa kapena kuthyoledwa. Ndalama ya metical, imene inayamba mu 1980, inasanduka pepala chabe chifukwa kunalibe choti ugule nayo. Anthu anabwerera ku malonda osinthana: chimanga kusintha ndi mchere, nkhuku kusintha ndi kansalu. Mchere, sopo, shuga ndi zovala zinasanduka chuma, moti m'madera ena anthu anafika povala masaka ndi makungwa a mitengo. Ku Maputo chakudya chinkagulidwa ndi khadi, pa mzere, ndipo chenicheni chinkapezeka ku msika wa mseri umene ankautcha candonga. Munthu wofuna kuchoka m'dera lake ankafunika chikalata cha boma chotchedwa guia de marcha.

Mlimi ankalima osadziwa ngati akolola. Akakolola, nkhokwe yodzaza inkaitana anthu a mfuti, a mbali iyi kapena mbali inayo. Mabanja ambiri ankaswera m'mudzi koma kugona kuthengo. Anyamata ankagwidwa kukasenza katundu kapena kukapatsidwa mfuti. Aphunzitsi ndi anamwino ankasakidwa chifukwa ankaoneka ngati nkhope ya boma, ndipo pafupifupi theka la sukulu za pulaimale linawonongedwa kapena kutsekedwa, zipatala zazing'ono mazanamazana chimodzimodzi. Njira za ku dimba ndi ku chitsime zinakwiriridwa mabomba.

Nthawi yomweyo, tsidya lino la phula, mwana ankadzuka kupita ku sukulu, mabasi a UTM ankayenda, ADMARC inkatsegula misika yake nyengo yokolola, wa golosale ankakaoda ku Chipiku n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo. Tisanamizane, umphawi unalipo wadzaoneni, ndipo ufulu kunalibe. Wopanda khadi la chipani ankabwezedwa pa chipata cha msika, munthu ankatsekeredwa popanda mlandu, ndipo mu May 1983 nduna zitatu ndi phungu mmodzi anaphedwa ku Mwanza komweko. Bata la nthawi ya Kamuzu linali lotseka pakamwa. Komabe munthu ankagona m'nyumba, ankadzala n'kukolola, ankatha kukongoza mnzake katundu kuti adzalipire mwezi ukatha. Apa ndi pamene pagona kusiyana. M'dziko la bata, ngakhale losauka, munthu amatha kupangana ndi mnzake za mawa. Ngongole, mpamba, oda, banki nkhonde, zonsezi zimaima pa chikhulupiriro chakuti mawa tidzapezana pomwe tinasiyana. Nkhondo imayamba kupha chikhulupiriro chimenecho isanaphe munthu.

Anthu anasankha ndi miyendo yawo. Kuyambira 1986 anayamba kulowa m'Malawi mwaunyinji, kudzera ku Nsanje, Chikwawa, Mwanza, Ntcheu, Dedza, Mulanje ndi Mangochi. Pofika 1992 othawa nkhondo anapitirira 1 miliyoni, m'dziko limene pa kalembera wa 1987 linali ndi anthu pafupifupi 8 miliyoni. Ku Nsanje alendo anachuluka kuposa eni dera, ndipo msasa wa Mankhokwe unakula ngati tauni. Ku Dedza ndi Ntcheu ambiri sanakhale m'misasa, anangolandiridwa m'midzi ya abale awo, mafumu n'kuwagawira malo. Mitengo inatha ndi nkhuni, zitsime ndi zipatala zinachepa, malori a chakudya anawononga misewu, koma makolo athu sanawapirikitse. Ankadziwa kuti mnzako akapsa ndevu umamuzimira.

Tsono musaganize kuti bata la kwanu limakutchinjirizani ku nkhondo ya mnansi. Malawi alibe nyanja ya mchere, ndipo nkhondo isanafike pachimake, katundu woposa 90 pa 100 aliyense wolowa ndi kutuluka m'dziko ankayenda pa sitima kudzera ku madoko a Beira ndi Nacala. Kuchokera ku Blantyre, Beira ndi makilomita osakwana 700, Nacala ndi pafupifupi 800. Njanji ya Beira inaima mu 1983, ya Nacala mu 1984, ndipo mu 1986 mlatho wa Dona Ana, wowoloka Zambezi pakati pa Sena ndi Mutarara, unaphulitsidwa. Fodya, tiyi ndi shuga zinayamba kuyenda pa msewu mpaka ku Durban, makilomita oposa 2,000, feteleza ndi mafuta n'kubwera njira yomweyo. Mtengo wa mayendedwe unakwera mosaneneka, ndipo amene analipira ndi mayi wogula sopo pa golosale ndi mlimi wogula thumba la feteleza. Ndi chifukwa chake boma linatsegula njira ya kumpoto, ya Karonga, Songwe, Mbeya mpaka Dar es Salaam, imene ambiri timadyerapo lero. Ndale nazo zinali zopota. Mu September 1986 Machel, Mugabe ndi Kaunda anabwera ku Blantyre kudzadzudzula Kamuzu kuti Renamo ikubisala m'Malawi. Mwezi wotsatira, pa 19 October, Machel anafa pa ngozi ya ndege ku Mbuzini. Mu 1987 asilikali a Malawi anatumizidwa kukalondera njanji ya Nacala, ndipo ena sanabwerere amoyo.

Apa ndi pamene msewu wa Tete unatchuka ndi dzina la Gun Run. Kuchokera ku Zobue kukafika ku Cuchamano ndi makilomita osakwana 300, ulendo umene lero timautha tsiku limodzi ngati mapepala ali bwino. Nthawi imeneyo mathiraki ankasonkhana pa boda, kudikira asilikali a Zimbabwe kuti awaperekeze pa mdipiti umodzi. Panalibe zoima kuti ugule mbuzi yootcha kapena makala. Mantha aakulu a dalaivala aliyense anali kufa kwa galimoto pakati pa tchire anzake akupita. Ena anaomberedwa, mathiraki ena anatenthedwa ndi katundu yemwe, zigoba zake n'kukhala m'mbali mwa msewu zaka zambiri. Pambuyo pa mgwirizano wa December 1990, asilikali a Zimbabwe analoledwa kukhala pa njira za Beira ndi Limpopo zokha, choncho operekeza pa Tete anachoka, ndipo madalaivala ambiri anayamba kuzungulira ku Chirundu, Lusaka, Chipata mpaka Mchinji. Akuluakulu amene anayendako nthawi imeneyo ena alipo m'gulu muno. Mukakumana nawo pa Mwanza kapena pa Beitbridge, agulireni tiyi muwafunse.

Pa 4 October 1992, chaka cha chilala chachikulu chija, Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama anasainirana mtendere ku Rome, atayanjanitsidwa ndi a mpingo a gulu la Sant'Egidio. Chisankho chinachitika mu October 1994, chaka chomwe Malawi anasankha boma la zipani zambiri. Anthu pafupifupi 1.7 miliyoni anabwerera kwawo kuchokera m'maiko oyandikana. Misika ya m'malire inadzuka msanga, chifukwa wa geni sachedwa kununkhiza mtendere, ndipo chimanga cha ku Milange ndi Angonia chakhala chikudyetsa Malawi m'zaka za njala. Koma taonani kuchedwa kwa zina. Sitima za pa njanji ya Sena zinakhala zaka zoposa 20 osayenda. Mabomba okwirira anapitiriza kudula miyendo ya alimi mpaka mu 2015, pamene dziko linalengeza kuti lamaliza kuchotsa onse odziwika. Mwana amene sukulu yake inawotchedwa mu 1986 ndi munthu wa msinkhu wathu lero, ndipo ena mwa iwo ndi amene timagula nawo nyemba akuwerengera pa zala. Mlatho umagwa usiku umodzi, kuumanganso kumadya m'badwo.

Ndipo moto uja sunazimiretu. Mu 2013 magalimoto anayambanso kuperekezedwa ndi asilikali pakati pa mtsinje wa Save ndi Muxungue. Mu 2016 zinafika pa msewu wochokera ku Beira kupita ku Tete, mathiraki a ku Malawi anatenthedwa, ndipo anthu zikwizikwi anathawira ku Kapise m'boma la Mwanza, kenako n'kusamutsidwira ku Luwani ku Neno. Mtendere wina unasainidwa mu August 2019, koma ku Cabo Delgado kwakhala kukuphulika mfuti kuyambira October 2017. Zipolowe za pambuyo pa chisankho cha October 2024 tonse tikuzikumbuka: misewu yotsekedwa, boda ya Lebombo kutsekedwa, matanka kukanika kudutsa bwino, ndi mabanja kuwolokeranso ku Nsanje.

Nanga mbiriyi ikutiuza chiyani ife okhalira msewu? Nkhani za dziko limene mukudutsamo ndi gawo la mpamba wanu, choncho musananyamuke funsani amene atulukako dzulo, makamaka nyengo ya chisankho. Musadalire njira imodzi, dziwani mtengo wa Chirundu ndi wa Dar es Salaam ngakhale mumakonda Tete ndi Beira, kuti tsiku loipa lisadzakupezeni mukuyamba kufunsa. Kumene kwaikidwa mdipiti wa asilikali, dikirani mdipiti, bwana akakwiye koma inu mukafike. Ndale za eni dziko zisiyeni kwa eni dziko, pakamwa ndi pa Facebook pomwe. Ndipo mukaona munthu wa ku Mozambique, Congo kapena Burundi akugulitsa pafupi ndi benchi lanu, musathamangire kumunena kuti wabwera kudzalanda msika. Mwina anachoka kwawo usiku, wopanda n'chikho chomwe, ndipo ife timadziwa mmene zimawawira kutchedwa mlendo ku Johannesburg ndi ku Durban.

Pomaliza, za kwathu. Kusowa kwa mafuta ndi ndalama zakunja, kugwa kwa kwacha ndi misonkho zimatipweteka, ndipo tili ndi ufulu wodandaula mokweza. Koma wina akamati bola kungoyamba nkhondo kuti zinthu zisinthe, muuzeni akafunse agogo a ku Mutarara kapena ku Ulongue. Iwo amadziwa mtengo wa mchere wodzaza chikhatho chimodzi.

Muyende bwino, mukafike ndi katundu wathunthu.