Sefa ya Mayina: Kodi Zaka za ku Chama Zimawerengedwa?

Wodwala wa ku Chama akafunika dokotala wakadaulo, nthawi zambiri amamutumiza ku Chipata kudzera ku Lundazi, ulendo wa makilomita oposa 300. Koma ulendo wa dokotala amene akamuone unayambira pa tebulo, tsiku limene anthu ochepa anasefa makalata a ofunsira maphunziro n'kusankha oti aitanidwe ku intavyu. Amene dzina lake latsalira m'sefa sapeza mpata wodzilankhulira.

Zambia italandira ufulu mu 1964, munalibe sukulu yophunzitsa madokotala. University of Zambia inatsegulidwa mu 1966, ndipo madokotala ake oyamba anamaliza mu 1973. Wofuna ukadaulo, kaya wa opaleshoni kapena wa matenda a ana, ankafunika kupita kunja, makamaka ku Britain. Sefa inali m'manja mwa eni makoleji akutali ndi opereka ndalama za maphunziro.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, yunivesiteyo inayamba digiri ya Master of Medicine, yophunzirira pa University Teaching Hospital ku Lusaka. Sefa inabwera kwathu, ndipo inkayang'ana mapepala: digiri yoyamba, umboni woti munthu anamaliza nthawi yogwira ntchito moyang'aniridwa, kulembetsa ku bungwe loyang'anira madokotala, ndi makalata a akuluakulu omuchitira umboni. Apa m'pamene dokotala wa kumudzi ankavutikira. Mnzake wa ku Lusaka ankaonana ndi aphunzitsi tsiku lililonse m'mawodi. Wa ku chigwa cha Luangwa, amene ankathandiza amayi obereka movutikira usiku ali yekha, analibe womuona.

Boma linayesa kukonza zimenezi mu 2003. Mothandizidwa ndi dziko la Netherlands, linayambitsa ndondomeko yosungira madokotala kumidzi. Wovomera kugwira zaka zitatu m'maboma akutali ankalandira ndalama zapadera, ndiponso mwayi wothandizidwa pa maphunziro apamwamba akamaliza pangano. Zaka za kumudzi zinayamba kukhala ndi mtengo pa pepala.

Mu 2017 Unduna wa Zaumoyo unakhazikitsa Specialty Training Programme, pansi pa Zambia Colleges of Medicine and Surgery, n'cholinga chophunzitsa akadaulo 500 pofika 2021. Maphunziro anafalikira ku zipatala zazikulu monga za Ndola, Kitwe ndi Livingstone. Makomo anachuluka, koma masukulu a udokotala nawonso anachuluka, monga ya Copperbelt University yomwe inatsegulidwa ku Ndola mu 2011. Ofunsira akachuluka, si onse angaitanidwe, choncho sefa imakula mphamvu.

Kuti sefa ikhoza kulakwa, a ku Britain anadzionera okha mu 2007. Anayambitsa njira ya pa intaneti yotchedwa MTAS, imene inkapereka mamalikisi makamaka potengera mayankho afupiafupi olembedwa pa fomu. Madokotala ambiri odziwa ntchito sanaitanidwe ku intavyu ngakhale imodzi. Anzawo zikwizikwi anachita zionetsero ku London, ndipo njirayo inasiyidwa chaka chomwecho.

Mungafunse kuti, nanga ife alimi a mpunga zikutikhudza bwanji? Chama inachotsedwa ku chigawo cha Kum'mawa kupita ku Muchinga mu 2011, n'kubwezedwanso mu 2021, koma mtunda wopita kwa akadaulo sunafupike. Dokotala wachinyamata akaona kuti kugwira ntchito kuno kudzamubwezera m'mbuyo pofunsira maphunziro, adzachita zotheka kuti asabwere, kapena adzachoka msanga. Akadziwa kuti zaka zake za kuno zidzamuonjezera mamalikisi, adzakhala. Choncho phungu kapena mkulu wa zaumoyo akabwera kumsonkhano, tisamangofunsa za mankhwala ndi ambulansi. Tizifunsanso ngati osefa mayina amawerengera zaka zimene dokotala wagwira ntchito ku Chama.