Chimfine cha Mungu: Mbali ya Mitsempha ya M'mphuno

Chimfine cha mungu ndi vuto limene limabwera thupi likamalimbana ndi mungu wa udzu kapena wa mitengo ngati kuti ndi tizilombo. John Bostock, dokotala wa ku England, analifotokoza mu 1819.

Kuyabwa ndi kuyetsemula zimayambira pa nsonga za mtsempha wa trigeminal, umene umatumiza ku ubongo uthenga wa zomveka kunkhope. Mungu ukalowa, maselo oteteza thupi otchedwa mast amatulutsa mankhwala otchedwa histamine, amene amamatirira pa timalo tolandirira ta H1 pa nsongazo. Ubongo ukalandira uthenga, umalamula kuyetsemula ndi kutulutsa mamina amadzimadzi. Nsongazo zimatulutsanso mankhwala otchedwa substance P ndi CGRP, amene amakulitsa mitsempha ya magazi, ndipo mphuno imatsekeka.

Pa nsongazo palinso TRPV1, kamalo kamene kamamva kutentha ndi ukali wa tsabola. N'chifukwa chake kambuzi amachuchitsa mamina ngakhale kwa munthu wosadwala. Gulu la wasayansi David Julius linakatulukira mu 1997, ndipo iye analandira mphoto ya Nobel mu 2021. Kamalo kena, TRPA1, kamamva utsi ndi fungo loluma. Mphuno ikatupa kwa milungu, mitsempha imeneyi siichedwa kudzidzimuka, moti fumbi, perefyumu kapena mphepo ya m'mawa zimayetsemulitsa munthu mungu palibe. Odwala otere sakokomeza ayi.

Mankhwala otchinga histamine amathetsa kuyabwa ndi kuyetsemula kuposa kutsekeka. Menthol amangodzutsa TRPM8, kamalo komva kuzizira: munthu amamva ngati mphuno yatseguka, koma mpweya wodutsa sunachuluke.