Kalimba, bandi imene inakula limodzi ndi likulu

Mu 1976 gulu la Ramones linatulutsa chimbale chake choyamba ku New York, ndipo chaka chisanathe a Sex Pistols anali atagwedeza London ndi phokoso la punk. Chaka chomwecho kuno kwathu kunabadwa bandi ya Kalimba, motsogozedwa ndi Griffin Mhango, ndipo kwawo kwa bandiyi kunali ku Lilongwe. Za magulu awiri akunjawo kunalembedwa mabuku ambirimbiri. Mbiri ya Kalimba munthu amachita kutolatola m'nyuzipepala zakale ndi pakamwa pa madala amene ankavina nyimbo zake, chonsecho imeneyi ndi bandi imene inafikitsa nyimbo ya ku Malawi pa wailesi ya BBC dziko lino lisanalote n'komwe zokhala ndi wailesi yakanema.

Lilongwe wa masiku amenewo anali mzinda wa fumbi ndi njerwa zatsopano. Kalembera wa 1966 anapezamo anthu osakwana 20,000, koma pofika 1977 chiwerengero chinali chitayandikira 100,000. Boma linakhazikitsa bungwe la Capital City Development Corporation mu 1968, dziko la South Africa linakongoza ndalama zoyambira ntchito, ndipo mu 1975 likulu linasamuka kuchoka ku Zomba. Mzindawu anaujambula papepala asanaumange, n'chifukwa chake unagawikana chonchi mpaka lero. Kummwera kunatsala Old Town, ndi msika wake, depoti ya mabasi, msewu wa Malangalanga ndi mashopu a amwenye. Kumpoto kunamera City Centre ndi maofesi a ku Capital Hill. Mabwana a m'boma ndi akazembe anawaika kumayadi, ku Area 10, Area 12 ndi Area 43, pamene makalaliki, madalaivala ndi amisiri anadzaza Area 18, Kawale ndi Chilinde.

Makutu a mzindawu nawonso anagawikana. M'mabala a ku Old Town, makamaka ku Bwalo la Njovu, kunkalira rumba ya ku Zaire, simanjemanje ya ku Joni ndi kanindo ya ku Kenya. Ku Lilongwe Hotel, Capital Hotel ndi Lingadzi Inn kunkafunika china. Kumeneko kunkabwera mzungu wa ku ofesi ya kazembe, mnyamata wongomaliza kumene ku Chancellor College, ndi bwana amene anakaphunzira ku Mangalande, ndipo onsewa ankafuna kumva zimene anazolowera: soul, rock yofewa, disco, kenaka reggae. Bandi ya pahotela inkayenera kudziwa zonsezi. Anthu akamadya inkaimba motsitsa, mbale zikachotsedwa n'kukweza, ndipo pakati pausiku inkayenera kudzutsa ngakhale amene anabwera atavala suti ndi tayi.

Sukulu ya oyimba a m'badwo wa Kalimba inali imeneyo, ndipo inali yowawa. Nyimbo yatsopano inkafika pambale imodzi yobwereka, mwina kwa munthu amene wabwera nayo kuchokera kunja. Woyimba gitala ankakhala pafupi ndi galamafoni, n'kumanyamula singano ndi kuibwezera pamzere womwewo kakhumi, kufikira chala chitapeza pogwira. Woyimba mawu ankalemba Chingerezi cha nyimboyo m'kope la kusukulu monga mmene khutu lamvera. Nsambo ya gitala ikaduka inkalumikizidwa, pakuti yatsopano sinkapezeka wamba. Zida zenizenizo, zokuzira mawu ndi ng'oma zachizungu, kawirikawiri zinkakhala za mwini malo kapena za abwana ena, moti kukangana ndi mwini zida kunali kutha kwa bandi. Si zodabwitsa kuti magulu amene anakhalitsa anali a mabungwe: MBC Band, Police Orchestra, bandi ya asilikali, ndi Alleluya Band imene inayambira pa parishi ya Katolika ku Balaka mu 1978.

Alipo amene amanyoza oyimba a m'mahotela kuti anali okopera chabe. Kumeneko n'kusawamvetsa. Munthu amene waimba nyimbo za eni ake usiku ndi usiku kwa zaka zingapo amadziwa mmene nyimbo ya mphindi zitatu imamangidwira: poyambira pokoka khutu, kolasi yosavuta kuigwira, magitala osapondana, mawu atatu oyenda pamodzi. Luso limeneli Kalimba inalitenga n'kuliika m'nyimbo zakezake.

Njira ina panalibenso. Punk inali nyimbo yotukwana aulamuliro poyera, ndipo m'Malawi wa Kamuzu Banda zoterozo sizikanatheka. Lamulo la 1968 linakhazikitsa bungwe lounika mabuku, mafilimu ndi zisangalalo, ndipo zoimbaimba za pagulu zinkafuna chilolezo. Lamulo la kavalidwe la 1973 linaletsa amayi kuvala mathalauzi ndi masiketi aafupi. Mwamuna wa tsitsi lalitali ankametedwa, ngakhale mlendo wongotsika ndege. Nyimbo ya Simon and Garfunkel yotchedwa Cecilia inaletsedwa chifukwa cha dzina lokhalo, poti ndi dzina la Mama Kadzamira. Woyimba wachinyamata amene ankafuna kugona kwawo ankakwera pasiteji atameta bwino, malaya atapisira, n'kuimba za chikondi ndi ubale wa anthu. Mphamvu zonse zimene anzake akunja ankathera pokuwa, iye ankazithera pokometsa nyimbo.

Zipatso zake zinaoneka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, pamene Kalimba inatulutsa chimbale cha Make Friends with the World. Nyimbo ya Sometimes I Wonder inalowa pamndandanda wa nyimbo zokondedwa pa BBC, ndipo ndi imene anthu ambiri amaikumbukira bandiyi mpaka pano. Kuti munthu amvetse kukula kwa nkhaniyi ayenera kukumbukira kuti dziko lonse linali ndi wailesi imodzi, MBC, imene likulu lake linali ku Blantyre, ndipo Television Malawi inadzatsegulidwa mu 1999. Amene anali ndi wailesi yogwira masiteshoni akutali ankapotokola kachitsulo usiku kufunafuna London pakati pa mkokomo, ndipo tsiku lina anamva anyamata a ku Lilongwe akuimba kuchokera kumeneko.

Nanga bandi yotere inazimirira bwanji m'mbiri? Yankho likuoneka bwino munthu akadutsa Mchinji n'kulowa m'Zambia. M'zaka zomwezo, Kenneth Kaunda analamula kuti pafupifupi nyimbo zonse za pa wailesi zikhale za m'dziko momwemo. Ku Ndola kunali makampani a Teal ndi Zambia Music Parlour, ndipo mbale zinkadindidwa konko. Paul Ngozi, amene dzina lake lenileni linali Paul Nyirongo, anatulutsa Day of Judgement mu 1976 ndi 45,000 Volts mu 1977 pamodzi ndi gulu lake la Ngozi Family, akuimba m'Chingerezi ndi m'Chinyanja ndi gitala laukali limene lero akunja amaliyerekeza ndi punk. Iye anamwalira mu 1989, koma mbale zake zinatsala m'manyumba mwa anthu. Patapita zaka, kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles inazisonkhanitsa n'kuzitulutsanso, gulu lina la ku Zambia la WITCH linayambiranso kuyenda m'maiko, ndipo mu 2024 woyimba Tyler, the Creator anatenga chidutswa cha nyimbo ya Ngozi Family n'kuchiika m'nyimbo yake ya Noid.

Ku Malawi kunalibe fakitale yodinda mbale. Oyimba ambiri ankajambulira ku MBC, tepi n'kutsala komweko pashelefu, yomveka pokhapokha muulutsi akaikumbukira. Bandi yofuna chimbale chenicheni inkayenera kupeza ndalama zokadindira kunja, ndipo zobwera nazo zinkakhala zochepa. Osaka mbale zakale a ku Ulaya ndi America atayamba kuzungulira mu Africa, ku Lusaka ndi ku Kitwe anapeza zodzaza makatoni, ku Lilongwe anapeza zowerengeka. Luso linalipo mbali zonse ziwiri za malire, koma mbali imodzi yokha ndi imene inali ndi posungira.

Zifukwa zina zinachokera m'kati mwa Kalimba momwe. Oyimba ake Stain Phiri ndi Bright Nkhata anachoka n'kukapanga bandi ya Makasu, imene nayo inatchuka kwambiri m'zaka za m'ma 1980. Kenaka dziko linasintha. Ulamuliro wa zipani zambiri utabwera mu 1994, anthu anali ndi ludzu lomva m'Chichewa zimene kwa zaka 30 ankangonong'onezana, ndipo reggae ya ku Balaka, ya Lucius Banda ndi anzake, inawapatsa zimenezo pa makaseti otsika mtengo. Kiyibodi imodzi inayamba kugwira ntchito ya anthu asanu, ndipo mahotela anaona kuti kulemba munthu mmodzi woika nyimbo n'kotchipa kuposa kudyetsa bandi yathunthu. Nyimbo zachikondi za m'Chingerezi zinayamba kumveka ngati za m'nthawi ya Kamuzu, zoyenera kumayadi basi. Mlandu umenewu unali wosayenera, pakuti oyimbawo sanasankhe okha malire amene ankaimbiramo.

Griffin Mhango, Stain Phiri ndi Bright Nkhata onse anatisiya. Dzina la Kalimba silinafe: woyimba Vita Chirwa analinyamula, ndipo bandiyi yakhala ikuimbabe mu Lilongwe, kuphatikizapo nyimbo zakale zija. Ku MBC ntchito yosamutsira matepi akale pakompyuta inayambika ndi thandizo la dziko la Norway, ndipo bungwe la COSOMA, limene lakhalapo kuyambira 1992, ndi loyenera kulongosola za umwini wa nyimbozo kuti mabanja a oyimba apindule. Chotsala ndi munthu woti akhale pansi ndi amene ankagwira ntchito m'mahotela aja, aulutsi opuma ndi oyimba otsala a Kalimba ndi Makasu, n'kulemba kuti ndani ankaimba chida chiti, pa siteji iti, m'chaka chiti. Ambiri mwa anthu amenewa adutsa kale zaka 65.